Gibson wa 1968 ndi Pedro wa 2000 pa sikelo imodzi

Mu kosi ya Statistics tafika pa mutu woyerekeza nambala ndi avereji ya gulu limene nambalayo yachokera. Zitsanzo za m'buku sizimandilowa msanga, ndiye ndakhala ndikuyeserera pa anthu amene ndimawakonda kale: akatswiri oponya mpira mu ligi zikuluzikulu za baseball ku America.

Kwa inu amene simutsata masewerawa, woponya amaima pa kachitunda, mamita 18.44 kuchokera pamene pali womenya, ndipo ntchito yake ndi kumuphonyetsa kapena kumumenyetsa mpira wopanda mphamvu. Luso lake amaliyeza ndi nambala yotchedwa ERA. Mumatenga zigoli zimene zalowa chifukwa cha kuponya kwake, n'kuchulukitsa ndi 9, kenaka n'kugawa ndi zigawo zimene waponya, poti masewera amodzi amakhala ndi zigawo 9. Nambala ikachepa, ndiye kuti munthuyo ndi dolo.

Bob Gibson wa St. Louis Cardinals anamaliza chaka cha 1968 ndi 1.12. Pa masewera 13 anaponya kuyambira poyamba mpaka pomaliza popanda kulowetsa chigoli n'chimodzi chomwe, ndipo pa masewera oyamba a World Series, mpikisano womaliza wopezera katswiri wa chaka, anaphonyetsa omenya 17 a Detroit Tigers mpaka kutuluka. Pedro Martínez wa Boston Red Sox anamaliza chaka cha 2000 ndi 1.74. Mukangoona manambala awiriwa, mlandu watha, Gibson wapambana.

Koma aliyense anali ndi nyengo yake. Mu 1968 omenya ankavutika kwambiri. Avereji ya ERA mu National League, ligi ya Gibson, inali pafupifupi 3, ndipo ku American League womenya wopambana onse, Carl Yastrzemski, anangofika pa avereji yomenya ya .301, kutanthauza kumenya bwino pafupifupi katatu pa mipata khumi iliyonse. Zinafika poti akuluakulu a ligi anatsitsa kachitunda kaja kuchoka pa mainchesi 15 kufika pa 10 chaka chotsatira, kuti omenya apume. Pedro anaponya zinthu zitatembenuka, mipira ikuuluka kunja kwa bwalo tsiku ndi tsiku. Avereji ya American League, ligi ya Pedro, mu 2000 inali 4.91, ndipo amene anamutsatira pa mndandanda, Roger Clemens, anali ndi 3.70. Nditagawa nambala ya aliyense ndi avereji ya ligi yake, Gibson anatuluka ndi pafupifupi 37 peresenti ya zigoli zimene woponya wamba ankalowetsa, Pedro 35 peresenti. Mpata uja unatsekeka, Pedro n'kutsogolanso pang'ono.

Mtima wanga uli kwa Pedro, sindibisa. Anali wochepa thupi poyerekeza ndi anzake, mwana wa ku Manoguayabo ku Dominican Republic, koma anali ndi mpira wina umene ankauponya ndi mkono wothamanga ngati wa mpira waliwiro, pamene mpirawo ukubwera pang'onopang'ono. Womenya ankayamba kumenya mpira usanafike. Chaka chimenecho anaphonyetsa omenya 284 mpaka kutuluka, ndipo amene anawapatsa njira yaulere chifukwa choponya pambali anali 32 okha. Komabe kuwerengera kwanga sikuona katundu amene munthu wasenza. Gibson anaponya zigawo zoposa 300, Pedro 217. Kusunga nambala yotsika chotero pa ntchito yochuluka motero ndi ulemu umene sindingamulande Gibson.

Pali funso lina limene mphunzitsi wathu amabwereza: m'gulu mukuliwerengalo muli ndani, ndipo wasiyidwa ndani? Mwa oponya akale, Cy Young anapambana masewera 511, Walter Johnson 417, manambala amene palibe wawayandikira masiku ano. Koma onse awiri anasewera nthawi imene anthu akuda sankaloledwa mu ligi zimenezi, tsankho limene linatha mu 1947 Jackie Robinson atalowa. Avereji ya nthawi yawo inali ya gulu losefedwa ndi khungu. Woponya wina, Satchel Paige, anathera unyamata wake mu ligi za anthu akuda, ndipo analowa mu Cleveland Indians mu 1948 ali ndi zaka 42. Anapambana masewera 6 n'kugonja amodzi, timu yake n'kutenga World Series. Mu 1965, ali ndi zaka 59, anaponyera Kansas City Athletics zigawo zitatu motsutsana ndi Boston, osalowetsa chigoli.