Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Chilembwe m'thumba la jekete yobwereka

Paja ndinalekezera ndikulongedza katundu usiku, nditabwereka jekete kwa mnzanga wa ku Chipata amene tinkachita naye lendi nyumba imodzi. Mikono yake inali yaitali moti ndinkachita kuipinda kawiri. Kutacha ndinakwera sitima kupita ku msonkhano wa akatswiri ofufuza mbiri, zolembalemba ndi chikhalidwe cha ku America. Unali wa masiku atatu, pa yunivesite ina kumpoto kwa England. Mwezi unali wa Epulo, koma chisanu chake kuposa Juni wa ku Dedza.

Pakhomo mayi wina anandipatsa kakhadi kapachifuwa, dzina langa atalilemba mokhotakhota, nkundifunsa mwaulemu ndithu kuti munthu wa ku Malawi wadzatani ku nkhani za America. Ndinangoseka. Yankho ndinali nalo m'chikwama, masamba khumi ndi awiri.

Masiku awiri oyamba ndinangokhala tcheru, kumvera za ukapolo, za nkhondo ya pachiweniweni ya 1861, za nyimbo za jazz. Zina ndinkatsatira, zina zinkangondidutsa pamutu. Nthawi ya tiyi aliyense anali ndi omudziwa, ine ndili pakona ndi bisiketi yanga.

Ine anandiika tsiku lomaliza, 9 koloko m'mawa, anthu atachezera phwando. Tinali asanu ndi awiri m'chipindamo, kuwerengera ndi wapampando. Kompyuta nayo inakana fulashi yanga. Thukuta kamukamu, chisanu chonse chija chitathawa, ndinapisa m'thumba nkutulutsa K2,000 imene amayi anandifumbatitsa pa Chileka. Ndinati, "Zithunzi zakanika, koma munthu amene ndikufuna kukamba za iye ndi uyu." Ndalama ija inayamba kuyenda m'manja.

Ndinawafotokozera kuti John Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, nakaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, pa sukulu ya anthu akuda a mpingo wa Baptist. Mu 1900 anabwerera nkukhazikitsa mpingo wa Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, ku Chiradzulu, ndi thandizo la akhristu akuda a ku America. Anamutumiziranso anthu, Landon Cheek ndi Emma DeLaney. Kudzera mwa mayi DeLaney, Daniel Malekebu anakafika ku America, naphunzira udokotala ku Meharry mumzinda wa Nashville, pomwenso Kamuzu anadzamaliza mu 1937. Nditafika pa thangata ndi usiku wa pa 23 Januwale 1915 ku Magomero, pepala ndinali nditalisiya, ndikungolankhula ngati ndili pabwalo kwathu.

Kumbuyo kunakhala gogo wina wachikuda, pulofesa wopuma, ndodo ili pamiyendo. Anakweza dzanja nati anakulira kufupi ndi Lynchburg, sukuluyo akuidziwa, koma za Chilembwe sanamvepo. Anafunsa ngati m'busayu ankamudziwa John Brown, mzungu uja anaukira ku Harpers Ferry mu 1859 pofuna kumasula akapolo. Ndinayankha kuti George Mwase, amene analemba za kuukirako, anati Chilembwe ankamutchula Brown polimbikitsa anthu ake. Gogoyo anagwedeza mutu nthawi yaitali. Kenaka naye anandiuza za Ota Benga wa ku Congo, amene mu 1906 anamuika kumalo oonetserako nyama ku New York, nadzafera mu Lynchburg momwemo mu 1916. Imeneyo ine sindinkaidziwa, ndipo manyazi anandigwira.

Wapampando atatseka, gogo uja anabwera ndalama ija ili m'manja.

"Mwana wanga, ndingakugule iyi?"

"Ayi agogo, tengani."

Pakamwa panatero, koma mumtima ndinaona nkhope ya amayi pa Chileka paja. Gogoyo anatenga pulogalamu yanga nkulemba adiresi kumbuyo kwake, nati ndimulembere chaka chisanathe. Pepalalo ndinaliika m'thumba la jekete, ndipo jeketeyo ndinaibweza kwa mwini wake osakumbuka kupisamo. Mwiniwakeyo sabata yotsatira anakwera ndege ya ku Lusaka.