Bushi ya nayiloni m'giyabokosi ya Series III

Sabata yathayi pa galaja yathu kuno ku Ulónguè, ku Mozambique, ntchito zambiri zinali zozolowereka: makilatchi a ma Land Cruiser a ogula fodya, mabuleki, ndi Hilux ina yomwe mwini wake amaikumbukira pokhapokha ikakana kulira. Za izo palibe chokamba. Chandilembetsa ndi Land Rover Series III ya bambo wina wachikulire wa ku Tsangano, yomwe inatsala pang'ono kupha anthu chifukwa cha kachidutswa ka pulasitiki.

Inabwera Lolemba, giya yachiwiri ikumatuluka yokha potsika mtunda. Amene munagwirapo Series mukudziwa chintchito chake, kuchotsa mipando ndi pansi pomwe kuti bokosi litulukire pa chitseko. Titatsegula tinapeza bushi ya buronzi ya pa mainshaft (shafiti yaikulu ya m'bokosi), kachipaipi kaja kamanyamula giya yachiwiri ndi yachitatu, itathyoka pakhosi. Ndi matenda akale a mabokosi amenewa. Galimotozi zinapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ndiye sipeya yake sungaipeze pa shopu kuno. Umaitanitsa kutali, apo ayi umasema wekha pa torno, makina osemera zitsulo. Kusemako si nkhani kwa ine. Chomwe kunalibe ndi ndodo ya buronzi, yomwe ndakhala ndikuilemba pa pepala la zosowa chikololereni chimanga, bwana n'kumangoti tiona mwezi wamawa.

Lachiwiri ananditumiza ku Dómue kukaona injini ya chigayo. Pobwera madzulo ndinapeza bokosi latsekedwa kale, anyamata akubwezera mipando. Ndinadabwa, buronzi wachokera kuti? Mnyamata wathu wophunzira ntchito anangoyang'ana pansi. Bwana anali atamulamula kuti aseme bushiyo pa ndodo yoyera ya nayiloni, ija timapangira mabushi a masipuling'i a ngolo.

"Amisiri, masiku ano galimoto zonse ndi pulasitiki," anatero bwana. "Mdalayu akufuna kukagulitsa mbatata ku Tete, tisamuchedwetse."

"Bwana, titsegulenso. Chimenecho sichifika n'komwe ku Moatize."

Ndalama anali atalandira kale. Lachitatu ndisanafike pa ntchito galimoto inali itapita.

Kwa anzanga amene mukuganiza kuti ndikungodana ndi zatsopano, tamverani. Ukamayenda mu giya yachinayi, magiya awiri aja amakhala akuzungulira pa bushiyo osapuma, pali kampata kochepa kwambiri kodutsa oyilo, kamene timayeza ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mipata. Buronzi amalanda kutentha n'kukupereka ku shafiti. Nayiloni amakusunga, ndipo akatentha amafufuma kwambiri kuposa chitsulo. Kampata kaja kamatsekeka, oyilo salowanso, kutentha kumawonjezeka, basi zayamba kusungunuka. Onjezerani katundu wodzadza, ndi dzuwa la kumunsi kuja lomwe mwezi wa Okutobala limapitirira madigiri 40.

Lachinayi masana foni inalira. Anali mwana wa mdala uja, mawu akunjenjemera. Anali atadzaza matumba a mbatata ya kachewere, akutsetsereka kulowera ku Mussacama. Atafuna kuchepetsa liwiro ndi giya yachiwiri, inalowa n'kutulukanso, kumbuyo kukungomveka kukukuta. Mabuleki a Series ndi a dramu mawilo onse, ndipo ndi katundu wotero sachedwa kutentha. Mnyamatayo anachita nzeru, anakhotetsera galimoto kuchigumula cha m'mbali mwa msewu n'kuikhuza mpaka inaima. Amayi ake, omwe anakhala kutsogolo, anang'ambika pamphumi. Kumbuyo pamwamba pa matumba panali waganyu, anadumpha n'kusupuka mwendo. Akanakhotera mbali inayo, bwenzi pano tikukamba za maliro.

Tinaikoka usiku. Nditamasula pulagi, oyilo anatuluka wakuda, akununkha ngati jumbo yopserera, muli timizere toyera tambirimbiri. Bushi ija inali itamatirira pa shafiti, mbali ina yapyapyala moti ndinaimatula ndi chikhadabo. Giya yachiwiri inali ikugwedezeka, mano ake atabenthuka, ndipo inali itatafunanso mnzake wa pa layshaft, shafiti inzake ya m'bokosimo. Ntchito yomwe ikanatha ndi kachidutswa kamodzi ka buronzi tsopano ikufuna magiya.

Mdalayo sanakalipe. Anangoima pakhomo pa galaja, chipewa m'manja, n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi ndinakulakwirani chiyani?" Bwana pamenepo anali atatsekeka mu ofesi, ati ali pa foni. Atatuluka anayamba kulalatira mnyamata wophunzira uja pamaso pa anthu, kuti anasema molakwika ndipo amudula malipiro. Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinatenga micrometer, chipangizo choyezera kukula kwa tizinthu mosaphonya, n'kuyeza kachidutswa komwe kanatsala pa ndodo. Mwanayo anasema bwino, mwinanso kuposa amisiri ena omwe ndawaonapo. Analakwa chiyani, kumvera wolemba ntchito? Ndinawauza bwana kuti akamudula ngakhale metical imodzi, nanenso nditenga bokosi langa la zipangizo.

Chodabwitsa n'chakuti Lachisanu ndinakangananso ndi kasitomala, koma pa nkhani yotembenuza. Mkulu wina wa Defender anabwera ndi kagiya ka sipidomita kothothoka mano, akufuna ndimusemere kachitsulo kuti kasadzathenso. Ndinakana. Kagiya kameneko a Land Rover anakapanga ka pulasitiki mwadala. Sikanyamula katundu, ndipo chingwe cha sipidomita chikagwira, kamafa ndi ikoko, giya ya pa shafiti n'kupulumuka. Anachoka akung'ung'udza kuti amisiri a masiku ano ndi aulesi. Tsiku lomwelo ndinasemera Land Cruiser yakale kampando ka ndodo ya magiya pa acetal, pulasitiki yolimba ija ena amati Delrin, ndipo giya ikulowa ngati yatsopano. Pamenepo pulasitiki ndi pake. Anyamata ena akundionetsanso pa foni zosindikiza pa 3D printer. Zogwirira ndi zivindikiro sindikana, koma PLA, pulasitiki yomwe amasindikizira, amayamba kufewa cha pa madigiri 60, pomwe oyilo wa m'bokosi pa ulendo wautali amapitirira pamenepo.

Loweruka m'mawa ndodo ya buronzi inafika kuchokera ku Lilongwe kudzera pa malire a Calomue. Ndalama yomwe inkasowa miyezi yonseyi inapezeka tsiku limodzi. Bushi ndasema, ili mu kabati yokutidwa ndi nsalu ya oyilo. Magiya tikusakabe kwa anthu ophwasula ma Series akale, mbatata za mdala uja zinagulitsidwa motchipa pamsewu pomwepo, ndipo amene alipire zonsezi sanadziwikebe. Bwana akuti tikambirana Lolemba.