Chimanga chimene amayi sanalole kuti tidye

Ana anga amandinena kuti ndine woumira, chifukwa ndikaona mkute wa nsima utatayidwa kudzala ndimakhala wokhumudwa tsiku lonse, ngakhale kuti ndimagwira ntchito kuno ku Moatize, m'dziko la Mozambique, ndipo thumba la ufa silindivuta kugula. Sindiwaimba mlandu, pakuti iwo anabadwa nkhondo itatha kale.

Ndinali ndi zaka 7 mu 1986 pamene nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, inafika m'midzi ya kwathu ku Angónia, ndipo tinathawa usiku kuchokera kufupi ndi Ulongwe kulowera ku Dedza. Amayi anasiya mbuzi, mitsuko ndi mphasa, koma anamanga pansalu ngala zinayi za chimanga chamakolo. Kumeneko tinkadalira ufa ndi nyemba zimene ankagawira othawa nkhondo, koma banja lina la Achewa anzathu, limene mpaka pano timalitenga ngati abale, linatibwereka kachigawo ka munda kuseri kwa nyumba yawo. Chaka ndi chaka amayi ankabzala pamenepo, nasankha ngala zonona n'kuzipachika kudenga la khitchini, pamwamba pa mafuwa, kuti utsi uziingitsa anankafumbwe.

Tsiku lina njala itandipweteka ndinatsitsa ngala imodzi, ndinaitonola n'kukazinga paphale. Ndinkayembekezera ndodo, koma amayi anandikhazika pansi, nandipatsa ngala ina kuti ndiwerenge njere zake imodzi ndi imodzi, kenako anandiuza kuti njere zitatu ndi phando limodzi. Nditamaliza kuwerenga anangoti, "Mwanawe, lero wadya mizere ya munda wathu wa ku Ulongwe." Kunena zoona, ndodo ikanandipweteka pang'ono poyerekeza ndi mawu amenewo.

Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera kwathu chaka chotsatira, ndipo tinapeza munda utasanduka tchire, anthu akuyenda m'tinjira todziwika tokha poopa mabomba okwirira pansi. Mvula yoyamba itagwa, chimene tinabzala chinali mbewu ya kudenga ija.

Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake pa malipiro anga ndimayamba ndapatula ndalama yosakhudzidwa, komanso mlendo sachoka pakhomo panga osadya, pokumbukira banja la ku Dedza lija. Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi anandifunsa chifukwa chimene ndinapachikira ngala ziwiri kukhitchini, pamene ife timaphikira pambaula ndipo munda tilibe. Ndinatsitsa imodzi n'kumupatsa kuti awerenge.