Nambala ya mita ya nyumba yakale

Lachisanu, mapeto a mwezi. Ndinatsegula sipaza, kashopu kathu kogulitsira pazenera, 6 koloko itangokwana, chisanu cha Juni cha kuno ku Joni chikuluma zala. Woyamba pazenera anali mnyamata wothamangira tekisi ya ku Bree, siteji ya m'tauni, amafuna mayunitsi a Vodacom a R12. Kenako ana asukulu, wina MTN, wina Telkom, wina kabandulo ka WhatsApp. Kwathu tinkakanda khadi ndi chikhadabo. Kuno kamakina kamalavula kapepala, munthu n'kumalowetsa manambala ali paulendo.

Anthu akamaona mzere pazenera amati tikukolola. Ha! Pa R10 iliyonse timapatapo timasenti. Malume, eni shopu, ndi a kunyanja ku Mangochi, ndiye amati makinawa ndi nyambo chabe, nsomba yake ndi buledi, mkaka ndi palafini zomwe munthu amatengerako pochoka.

Komanso makinawa sadziwa ngongole. Uyambe waikamo ndalama zako, zija timati fuloti, monga amachitira ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba kumudzi. Ukagulitsa magetsi a R500, fuloti yatsika ndi R500, iwe watsala ndi mapepala m'kabati. Lero ndiye anthu alandira: uyu DStv chifukwa cha mpira, uyu magetsi, anyamata a kubetcha nawo ndi 1Voucher yawo, vocha yolipirira pa intaneti. Pofika 11 koloko fuloti inali ikupuma mwawefuwefu. Malume anapinda ndalama, n'kuzilowetsa m'sokosi, ulendo kukaponya ku ATM. Akatuluka chonchi mtima wanga sukhala m'malo mpaka ndiwaone akukhota pakona, poti matsotsi nawo amadziwa kuti mwezi watha.

Nkhani yeniyeni inabwera masana. Mayi wina wa ku Dedza, amene wangosamukira mumsewu wathu muno mu Rosettenville, anabwera ndi kapepala kopindapinda, mwana ali kumbuyo.

"Achimwene, magetsi a R300."

Ndinalemba nambala ya mita, ndinawawerengera mokweza, iwo n'kuvomera ndi mutu. Kapepala kanatuluka, anapita. Sipanathe mphindi makumi awiri, ndinangoona abwerera, nkhope itagwa.

"Akukana. Ndalowetsa katatu konse."

Chiyambire Novembala 2024, pomwe mamita ankafunika kulowetsedwa manambala atsopano tsiku la 24 lisanadutse, anthu a dera lino amanditenga ngati injiniya. Ndiye ndinasiyira malume zenera, n'kutsagana nawo. Titafika ndinaunika mita ndi tochi ya foni. Nambala ya pakhoma ndi ya pakapepala sizinali paubale ngakhale pang'ono. Mayi aja anagwira pakamwa. Kapepala kaja kanali ka nyumba yomwe ankachita lendi ku Turffontein, kanatsalira m'kachikwama.

Manambala 20 amene makina amatulutsa ukagula magetsi amagwira pa mita imodzi yokhayo yomwe anagulidwira, kaya ndi ya City Power ngati zathu kuno, kaya ya Eskom ngati za ku Soweto. Ngakhale ESCOM kwathu ndi chimodzimodzi. Fuloti yathu inali itadyedwa kale, R300 yawo ili m'kabati mwathu, koma magetsi ali ku Turffontein kwa munthu wosamudziwa.

"Ndiye simungangobweza, achimwene?"

Apa lilime linalemera. Kubweza ndiye kuti komishoni ya masiku angapo yapita. Kukana ndiye kuti mwana agona mumdima ndi chisanu chimenechi, ndipo mayiwa amagwira ntchito ya m'nyumba masiku atatu okha pa sabata. Ine sindinalakwe, koma sindinamve ngati wosalakwa. Ndikanangofunsa kuti, kodi nambalayi munaguliranapo kale kuno?

Malume atamva sanakalipe. Anangofunsa kuti m'nyumba yakaleyo munalowa ndani. Mwamwayi ndi bambo wina wa ku Nkhata Bay, mayiwa anali ndi nambala yake. Tinamuimbira. Poyamba ankaganiza kuti ndife akuba a pafoni, mpaka malume anaponyamo Chitonga chawo chothyokathyoka, bamboyo n'kuphulika kuseka. Tinamutumizira manambala pa WhatsApp, analowetsa, mayunitsi n'kulowa. Koma akuti ali ndi R200 yokha, yotsalayo apereka Lachisanu likudzali.

Malume anati ndiwagulire mayi aja magetsi a R300 pa mita yoyenera, ngongole ya bamboyo ikhale yathu. Ndinajambula mita yawo yatsopano pafoni, n'kuwalembera nambala pachikuto cha buku la mwana lakusikelo, kapepala ka ku Turffontein ndinakang'amba ndekha.

Tatseka 8 koloko. Powerengera, kabati ndi makina zikusiyana ndi R100 ndendende. Malume alemba m'kope la ngongole, pansi pa anthu a buledi: "Wa ku Nkhata Bay, magetsi." R200 ija abwera nayo madzulo mnyamata wa panjinga, atagulanso fodya mmodzi.