Utsi umene unatuluka pansi pa alamu anga

Akuti ndinawotcha alamu anga. Bodza limenelo. Chimene chinapsa ndi mpando, alamuwo anangopezeka kuti ndi amene anaukhalira.

Amene munagwirako Volkswagen Beetle mukudziwa mmene Ajeremani anaigonekera: injini kumbuyo, thanki ya petulo kutsogolo, batire pansi pa mpando wakumbuyo chakumanja, ndiye kuti pansi pa munthu. Mkati mwa mpandowo muli masipuling'i achitsulo okutidwa ndi ulusi wa kokonati, ndipo wanga wakhala ukuuma kuyambira 1969. Pamutu pa batire, mbali ya +, pamayenera kukhala kachivindikiro kapulasitiki koletsa chitsulo kugunda pamenepo. Kanga ndinali nditaitanitsa, kasanafike. Podikirira ndinayalapo chidutswa cha chubu, chimene chinagwira ntchito yake mokhulupirika nthawi yonse imene kumbuyoko kunalibe munthu.

Tsikulo galimoto inali itangotuluka kumene kopaka penti, ikuwala moti ndinkaipukuta ndi malaya anga. Akazi anga anakhala kutsogolo, achimwene awo kumbuyo. Tsono alamu angawa ndi munthu wathupi, wofatsa, wosadziwa kudandaula. Beetle ili ndi zitseko ziwiri zokha, choncho analowa cham'mbali, ine ndikuwakankha ndi phewa, mlongo wawo akuwalangiza kopinda bondo. Atakhala pansi galimoto inapendekera kumanja, mpando n'kulira kamodzi, kenako zii.

Tinayenda bwinobwino mpaka pa bampu. Patangopita kanthawi ndinamva mawu kumbuyo.

"Alamu, galimoto yanuyi ikufunda bwino."

Apa ndi pamene mtima wanga unakoma. Munthu ukakhala miyezi ukupala dzimbiri kunsi kwa galimoto, anthu amayamikira penti basi. Palibe amene amakufunsa za chotenthetsera. Ndiye ndinawamasulira zonse. Ndinawauza kuti Beetle ilibe radiator, ilibe madzi, injini yake imazizira ndi mpweya. Ndinawauza kuti mpweya wofunda umachokera m'mabokosi awiri achitsulo okuta mapaipi a utsi, n'kudutsa m'ngalande za m'mbali mwa galimoto, ndipo ngalande zimenezo ndi zimene zimayamba kudyeka ndi dzimbiri, zanga ndinachita kuwotcherera zatsopano. Ndinkalankhula dzanja limodzi lili m'malere, ndikujambula njira ya mpweyawo.

"Ayi ndithu, mwakonza," anatero alamu. "Kukufika mpaka m'mafupa."

"Ndipo sindinatsegule yonse," ndinatero ine.

Kunena zoona sindinatsegule n'komwe. Koma munthu akamakuyamikira sumayang'ana pansi kuti uone pamene kachitsulo kaloza.

"Chilipo chikununkha," anatero akazi anga.

Ndinawayankha kuti ndi penti yatsopano ya pa paipi ya utsi, imatero masiku oyamba. Alamu anavomereza kuti inde, imatero. Kenako anatsokomola pang'ono, mwaulemu, n'kunena kuti ngati sizivuta ndichepetseko pang'ono chabe.

Ndinayang'ana pagalasi. Abale anga, chithunzi chimenecho ndidzapita nacho kumanda. Alamu ali tsonga, jekete lomanga mabatani onse, manja pamaondo, thukuta lili kamukamu, akumwetulira kuti ndisakhumudwe. Kumanja kwa khosi lawo kukukwera utsi. Kumanzere kwa khosi lawo kukukweranso utsi. Mizere iwiri yowongoka bwino, ikukumana pamwamba pa mutu wawo n'kuyala kudenga kumene ndinali nditangomata nsalu yatsopano. Maso athu anakumana pagalasipo, iwo n'kugwedeza mutu kundilimbikitsa kuti ndipitirize nkhani ya ngalande.

Chinachitika n'chakuti pa bampu paja chubu chinasuntha, sipuling'i n'kutsikira pamutu pa batire. Batire ya mavoti 12 ikapeza njira yachidule chonchi imatulutsa mphamvu zake zonse nthawi imodzi, ndipo waya amafiira ngati mbaula yamagetsi. Alamu anali ataphikidwa kwa mtunda ndithu.

Tsopano tifike pamene anthu akundinenera. Inde, nditaima ndinatenga chozimitsira moto n'kuthamangira ku injini, kuwasiya alamu m'kati. Koma funsani aliyense woweta Beetle akuuzani kuti moto wake umakonda kuyambira kumeneko: kapaipi kamkuwa kolowetsa petulo mu kabureta kamazuka, petulo n'kuthirikira pa distributor, kachipangizo kogawira moto wamagetsi ku mapulagi. Thupi langa linachita zimene linaphunzira. Ndinatsegula chivindikiro, ndipo injini inali bwinobwino, ikuguguda mwakachetechete, lamba akuzungulira mosagwedera, popanda ngakhale dontho la oilo. Akuti ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ine ndikuti ndinkafufuza.

Panthawiyi akazi anga anali atatuluka, n'kumenyetsa chitseko, ali chapatali akukuwa kuti, "Achimwene, tulukani!" Koma munthu wakumbuyo mu Beetle satuluka pokhapokha mpando wakutsogolo utapindidwa, ndipo kachitsulo kopindira kanali katagwirana ndi penti. Zenera lakumbuyo ndi lija longokankhira kunja, lotseguka mpata wa zala zitatu. Pampata umenewo ndi pamene panatulukira milomo ya alamu.

"Alamu," anatero, osakweza mawu. "Pepani. Ndi kuno."

Anatuluka okha. Anadutsa pakati pa mipando iwiri yakutsogolo, malo amene ine mkono wokha umandithina, bondo lili pa giya, mimba ili pa hutala. Hutalayo inalira mosalekeza, ndipo ndinganene kuti inamveka bwino kwambiri, poti nayonso ndinaikonza ndekha. Anatulukira chamutu pa chitseko changa n'kuima pamsewu akudzipepesa. Atangodzuka pampandopo sipuling'i inabwerera m'mwamba, moto wa batire n'kuduka. Ndiye tikanena mwachilungamo, akanadzuka pa bampu pomwe paja, nkhani yonseyi sikanakhalapo.

Akutinso ufa wa chozimitsira moto ndinayamba kupopera mpando, alamu pambuyo. Zoona, ndipo mpaka lero ndikuona kuti ndinachita bwino. Alamu anali akungofuka, pamene mpando unali ukuyaka, ndipo pansi pake pali batire imene imatulutsa mpweya wa hydrogen, woti ukakumana ndi moto umaphulika. Nditazimitsa ndinanyamula mpando, n'kumasula waya wa mbali ya − kaye monga mwa lamulo, ndiyeno ufa wotsalawo ndinawathira iwo. Anatembenuka okha kundilozetsa pofunika.

Pa thalauza lawo panatsala chizindikiro chozungulira bwinobwino, mizere itatu, wina m'kati mwa unzake. Khungu silinapse, linangofiira. Anakana zopita kuchipatala, nati asavutitse anthu ndi nkhani yoti akaifotokoza ayambira pati.

Mawu amene akundipachika nawo kwambiri ndi amene ndinalankhula utsi utatha. Ndinati, "Kodi nsaluyo yabooka?" Ine ndinkafunsa za thalauza. Akazi anga akuti ndinkayang'ana mpando. Mwina maso anali kumeneko, koma mpando umenewo chikuto chake ndi chomwe unachoka nacho ku fakitale, ndipo thalauza aliyense akhoza kugula lina.

Pobwerera alamu anakhala kutsogolo, mlongo wawo anakana kukwera, ine ndinayendetsa mazenera ali otsegula. Sitinalankhule zambiri. Chapafupi kufika anandifunsa ngati chotenthetsera chenicheni chija chimagwiradi ntchito. Ndinatsegula kuti aone. Sichinagwire, chingwe chake chinali chitaduka.

Kachivindikiro kaja kanafika. Sikakukwana pa batire imene ndili nayo, ndiye ndabwezerapo chubu, koma ulendo uno ndayala ziwiri.