Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Mlandu wa nsengwa

Gawo lapitali ndinalekezera pamene ambulansi inanditenga kuchipatala chaching'ono cha kwathu kupita nane chaboma, mimba isanakwane miyezi isanu ndi itatu. Zala zinali zitatupa moti mphete anachita kuivula ndi sopo. Mutu unkawanda, m'maso muli tinyenyezi tokhatokha. BP inali itadutsa 160/110, ndipo kapepala koviika mu mkodzo kanasintha mtundu, kusonyeza kuti impso zikutaya mapuloteni. Anamwino anati ndi preeclampsia, matenda a amayi apakati okweza BP.

Anandibaya magnesium sulphate matako onse awiri. Jakisoni ameneyu ndi wowawa, thupi lonse limachita kutentha, koma musamukane. Kafukufuku wa Magpie wa mu 2002, wa amayi oposa 10,000 m'mayiko 33, anapeza kuti amachepetsa ndi theka n'kupitirira ngozi yokomoka ngati wakhunyu.

Panja, kukhitchini ya magadiyani, mlandu unali utayamba kale kuzengedwa. Apongozi ankati kutupa chotere ndi mapasa. Azakhali ankanong'ona za tsempho, diso lili pa bambo a mwana, omwe anangoti zyoli pabenchi. Anadzaudula mlanduwo ndi mng'ono wanga, amene ndi mzamba.

"Achemwali, alamu asiyeni. Wolakwa ali m'mimba mwanumo, ndi nsengwa."

Anatenga buku langa la sikelo n'kujambula kuchikuto. Mimba ikamayamba, maselo a nsengwa amalowerera m'khoma la chiberekero n'kutanula timitsempha ta mayi, kuti magazi azifika ochuluka koma mwaphee. Kwa amayi ena ntchitoyi imathera panjira. Timitsemphato timakhalabe tothina, magazi amafika modukizadukiza, pena ndi mphamvu, pena pang'ono chabe. Okosijeni akamabwera mwa njira imeneyi, maselo a nsengwa amatulutsa tinthu tolusa totchedwa ma free radical, tambiri kuposa mmene chitetezo chawo, ma antioxidant, chingathere kuzimitsa. Madokotala amati oxidative stress. Mng'ono wangayo anati zili ngati dzimbiri pa malata: mpweya womwewo umene timakhalira moyo ndi umene ukudya.

Nsengwa ikavulala chonchi siivutika yokha. Imatayira m'magazi a mayi zinthu zosiyanasiyana, china mwa izo puloteni yotchedwa sFlt-1, zimene zimawononga mkati mwa mitsempha thupi lonse. Ndiye BP imakwera, impso zimadontha, chiwindi ndi ubongo nazo zimalawako. Ndipo zonsezi zinayamba m'miyezi yoyambirira, ine ndikusanza m'mawa, phazi lisanatupe ngakhale pang'ono.

Ndinamufunsa ngati ndikanapulumuka ndikanamadya malalanje ndi bwemba wambiri. Anaseka, nati akatswiri nawo anaganizapo zomwezo. Ku Britain anapatsa amayi apakati vitamini C ndi E, omwe ndi ma antioxidant, zotsatira zake zinatuluka mu 2006: matendawa sanachepe. WHO, nthambi yoona zaumoyo padziko lonse, inayesanso ku India, Peru, South Africa ndi Vietnam, mu 2009 yankho linali lomwelo. Zimene WHO imalimbikitsa ndi aspirin wochepa mphamvu kwa amayi amene ali pachiopsezo chachikulu, ndi calcium kumene chakudya chilibe wokwanira, zonse mwa uphungu wa achipatala. N'chifukwa chake ndimapsa mtima ndikaona anthu pa WhatsApp akutsatsa amayi apakati mabotolo odula a "ma antioxidant otsitsa BP". Ndalama imeneyo bola ikhale ya thiransipoti yopitira kusikelo.

Mapiritsi a BP amangogula nthawi. Kuti matendawa athe, nsengwa iyenera kutuluka, ndipo siituluka yokha kusiya mwana. Anandibaya jakisoni wokhwimitsa mapapo a khanda, tinadikira pang'ono, kenako opaleshoni. Sanandigoneke, anandibaya wapamsana, choncho ndinamva kakulira kake konyozoloka. Sanali mapasa. Anali mtsikana mmodzi, wochepa kwambiri.

Ndinapempha kuti andionetse nsengwayo asanaitaye. Inali m'kabeseni kachitsulo, yaing'ono, ili ndi zigamba zotuwa zolimba, malo amene magazi anasiya kufikako. Apongozi atauzidwa anangoti, "Kani," n'kupita kukaphikira mwana wawo nsima. Azakhali sanabwezepo mawu awo mpaka lero.

BP yanga sinatsike pompo. Anandisunga pa mankhwala kwa masabata angapo, ndipo nthawi yonseyo ndinali kuwodi ya kangaroo, mwana ali pachifuwa m'chitenje. Za kumeneko, ndi mmene tinkamumwetsera mkaka wofinyira m'kakapu, ndidzakamba gawo lotsatira.