Sabata yanga ndi gogo Dakota

Sabata ino ndiye yandikama, zala zikununkhabe oyilo ngakhale ndasamba katatu ndi sopo wa mbale. Kwa amene simundidziwa, ndine makaniki wa ndege kuno ku Joni, shedi yathu ili cha kum'mawa kwa Johannesburg ndipo timakonza ndege zakalekale, zija anthu amasungira chikondi osati bizinesi. Loweruka kunali chionetsero cha ndege, ife tinauzidwa kuti Dakota yathu iuluke zivute zitani.

Dakota ndi Douglas DC-3, mtundu umenewu unauluka koyamba pa 17 December 1935, yathuyi inapangidwa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nde werengerani nokha zaka zake. Air Malawi pomayamba mu 1964 inkayendetsanso zomwezi. Ili ndi mainjini awiri a Pratt & Whitney R-1830, iliyonse masilinda 14 ozungulira ngati nyenyezi, mizere iwiri, ndipo silinda iliyonse mapulagi awiri. Mapulagi 56 ndege imodzi abale. Sungani nambala imeneyo.

Lolemba kunali kupukuta basi. Injini zamtunduwu zimadontha oyilo ngati denga la udzu mu January, pansi pake timaika mathireyi. Mdala amene amasayinira ntchito yathu, mzungu wopuma pantchito wa zaka cha m'ma 70, amakonda kunena kuti ukaiona yasiya kudontha usasangalale, ndiye kuti oyilo watha. Nthabwala yomweyo tsiku lililonse, ife timasekabe poti ndi bwana.

Lachiwiri tinaitulutsa panja kuti tiilize. Musanaganize zoti amangotembenuza kiyi ngati Sienta, ayi. Ndege ikakhala masiku osalira oyilo amatsetserekera m'masilinda apansi, nde ukangoliza osayang'ana pisitoni imakakumana ndi oyilo, oyilo safinyika, chimapindika ndi chitsulo chogwira pisitoni, injini yonse mwaiika m'manda. Choncho timayamba tazunguza pulopela pang'onopang'ono mamagineto, zida zopereka moto kumapulagi, ali ozima, kumvetsera ngati penapake pakulimba. Ikatero woyendetsa amawerenga mapeni a pulopela akamadutsa, kenako moto. Imayamba ndi kutsokomola, phu phu, utsi woyera kuti tolo ngati wina wayatsa zinyalala zonyowa, silinda imodzi kugwira, ina kukana, kenako zonse pamodzi mpaka pachifuwa pako kumanjenjemera. Zaka 6 ndili pano koma mpaka lero tsitsi limandiimabe.

Chisangalalo sichinakhalitse. Poyesa mamagineto injini yakumanzere inatsika liwiro kwambiri nkuyamba kugwedera. Mdala anangondiyang'ana, ine ndinadziwa kale kuti Lachitatu langa lapita.

Nde Lachitatu tsiku lonse ndinali pamakwerero kumasula mapulagi 28 a injini imeneyo, a mzere wakumbuyo aja dzanja limalowa mopindika ngati ukutapa uchi mumphako. Asanu apansi anali odzaza oyilo ndi timibulu ta mtovu, paja mafuta a ndegezi amakhala ndi mtovu. Kutsuka, kuyeza mpata, kuyesa pamakina, awiri kutaya. Chida chilichonse chili ndi malo ake pabolodi ndipo madzulo timawerenga, sipanala imodzi ikasowa palibe opita kwawo. Tsiku limenelo inasowa 7/16 yanga. Mphindi 40 anthu asanu kusakasaka ndi matochi, kumapezeka ili m'thumba lakumbuyo la ovolosi yanga yomwe. Manyazi ake eish. Ndinagula makoka a gulu lonse. Waya wotsekera mabawuti nayenso anandiboola chala chachikulu, ameneyo ndiye samaphonya, sabata iliyonse amatenga chakhumi chake cha magazi.

Lachinayi tinazigamba nsalu. Inde nsalu, anthu sakhulupirira. Thupi la Dakota ndi aluminiyamu koma chiwongolero chakumchira ndi tizigawo toyenda takumapiko nzokutidwa ndi nsalu yomatidwa mankhwala mpaka kuuma ngati chikopa cha ng'oma, ukaigogoda imalira. Panali kabowo ngati ka K20 yachitsulo ikadakhalapo, mwina kamwala. Mayi wina wongodzipereka, amabwera Lachinayi lililonse osalandira kanthu, ndi amene amadziwa ntchitoyi kuposa tonsefe.

Anthu odziperekawa ndimawapatsa ulemu koma pali pomwe timasiyana. Iwo akaiona Dakota amakumbuka bambo awo ali msilikali, kapena ulendo wa holide ali ana. Mayiyu anandifunsa kuti nanga iwe unaikonda bwanji ndege imeneyi. Ndinamuuza kuti kwathu imeneyi inali basi ya Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni. Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anakwera koyamba pa Chileka ali mnyamata woti ngakhale galimoto anali atangokwerapo kangapo, kukatsika ku Francistown ku Botswana, kuchoka apo pasitima mpaka kumigodi. Wenela inali ndi ndege zakezake, ma DC-3 ndi ma DC-4, zotutira anthu okakumba golide, ndipo dzina lija la depoti ya mabasi ku Blantyre likuchokera komweko. Anangoti ooh, sankadziwa. Ambiri kuno sadziwa. Ku Rand Airport ku Germiston kuli malo osungirako ndege zakale za South African Airways, anthu amajambulitsa pa Lebombo, Boeing 747 ija inadutsa pamwamba pa Ellis Park pa fainolo ya rugby mu 1995, nkhani yake aliyense amaidziwa pamtima. Koma DC-4 yaima pomwepo ine ndikaiyang'ana ndimaona zina.

Pa 4 April 1974 DC-4 ya Wenela inanyamuka pa Francistown kupita ku Blantyre, anthu 84 m'katimo, ambiri Amalawi obwerera kumudzi atamaliza kontirakiti. Sinapite patali, mainjini anayamba kutentha nkutaya mphamvu, inagwa nkuyaka. Anthu 78 anathera pomwepo. Chifukwa chake mafuta, mu avgas, mafuta a ndege za mapisitoni, munasakanikira mafuta a jeti. Ajetiwa ndi pachibale ndi parafini, mu injini ya mapisitoni amaphulika nthawi isanakwane, masilinda amatentha mpaka mapisitoni kuonongeka, ndipo choipa nchoti pansi injini imalira bwinobwino, vuto limaoneka wapatsa moto wonse uli kale m'mwamba. Kamuzu atamva analetsa Wenela kulemba anthu ntchito ku Malawi, anadzayambiranso mu 1977 itasintha dzina kukhala TEBA, ija timati Theba. Agogo nthawi imeneyo anali kumgodi, amati pa ndege imeneyo panali mnzawo wogona naye chipinda chimodzi, anagula wailesi ndi bulangete zoti akapatse mkazi wake.

Nde Lachisanu galimoto ya mafuta itabwera mukhoza kumvetsa chifukwa chake ine ndimasanduka munthu wovuta. Avgas 100LL ndi wabuluu, Jet A-1 ndi woyera kapena ngati udzu wouma, koma akasakanikirana pang'ono buluu uja amakhalapobe, diso lokha likunamiza. Ndimayamba ndawerenga zolembedwa pagalimoto ndi papepala la dalaivala, kenako kutapa m'botolo pa thanki iliyonse, kuyang'ana madzi pansi, kununkhiza, nkudonthetsera papepala loyera. Avgas amauma osasiya kanthu, pakakhala parafini pamatsala banga ngati pomwe panakhala mandasi. Kamnyamata kophunzira ntchito kanayamba kuseka, akuti malume mukununkhiza ngati mukugula kachasu. Dalaivala nayenso kumaloza wotchi. Ndinakakhazika pa bokosi la zida nkukafotokozera za Francistown, kenako ndinakapatsa botolo kuti thanki yomaliza katape kokha. Kananunkhiza kawiri. Mafuta anali abwinobwino, ndipo si ochepa, gogoyu amamwa malita oposa 300 pa ola.

Loweruka 5 koloko m'mawa tinali kale pabwalo, kuzizira kwake kwa kuno kolowa m'mafupa. Ma Harvard, tindege takale tophunzitsira oyendetsa ndege zankhondo, anali atayamba kale phokoso lawo long'amba makutu lija, limachokera kunsonga za pulopela zikamathamanga mpaka liwiro la mawu. Anthu mzere kufuna kulowa mu Dakota, ana kudabwa kuti m'kati mwake mumakwera chitunda poti imakhala chogwada, mchira pansi mphuno m'mwamba. Bambo wina anandifunsa ngati ndine mlonda, ndinangomuonetsa zikhadabo.

Itatsala pang'ono kulizidwa ndinaimba vidiyo pa WhatsApp kwa mlongo wanga ku Ntcheu, ndinali nditamutumiziratu ya bandulo kuti akakhale pafupi ndi agogo. Maso awo anafooka, pafoni amangoona zinthunzi, nde mlongo wanga anawaikira kukhutu. Yakumanja inatsokomola nkugwira, kenako yakumanzere ija ya mapulagi anga, osagwedera ngakhale pang'ono. Netiweki kudukaduka, ine kukuwa kuti agogo mukumva? Kunali zii kanthawi, kenako ndinamva akuseka, akuti ndi yomweyo, imeneyo inatisanzitsa tonse kuyambira pa Chileka mpaka kwa Atswana, makutu anatseka masiku awiri. Anatchula dzina la mnzawo uja. Kenako akuti, "Iwe, mafutawo wayang'ana?"

"Ndayang'ana agogo, kawiri."

"Chabwino. Uuze woyendetsayo asathamange."

Inauluka mphindi 12, inadutsa katatu pamwamba pa anthu nkutera bwinobwino. Mimba yake yonse yabwerako yakuda ndi oyilo kuyambira kuinjini mpaka kumchira, ndipo pa ndandanda wa Lolemba dzina lolembedwa pa ntchito yopukuta ndi langa, chilango cha 7/16 ija.